Chitunda cha Mbuzi

Kunali kutangocha, ndipo nkhungu inali itakuta mapiri onse a ku Tsangano moti munthu ataima pakhonde sakanaona ngakhale khola la ng'ombe zake. Unali mwezi wa Julayi. Mphepo yochokera ku Mozambiki inkadzera pansi pa chitseko n'kumaluma akakolo. A Dyton Nkhoma anavala majekete awiri ndi chipewa chaubweya, nakhala pampando kudikira alamu awo.

Tsikulo linali loloza malo. Mwana wawo Tisunge anali atabwera kuchokera ku Jeremani, kumene ankagwira ntchito yaunamwino, ndipo anabwera ndi mwamuna wake, mzungu wamtali wosakonda kulankhula, dzina lake Kilian, amene mudzi wonse unangomusandutsa Kiliyani. Chinkhoswe chinachitika Loweruka, anthu anavina ngoma mpaka miyendo kuwawa. Chotsala chinali chimodzi: mwana wamkazi akakwatiwa amamulozera pake, pamalo a kuchikazi, poti amangepo ndi kulima. Wolozayo anali a Jasper Ngozo, mlongo wawo wa a Malita, mayi ake a Tisunge. Iwo ndiwo anali mwinimbumba chimwalirireni agogo.

Pankhani imeneyi a Dyton analibe mawu. Nawonso anali mkamwini. Anachokera kuchigwa cha Bwanje, kotentha, kolima mpunga, nadzakwatira kumtunda kuno ali mnyamata, ndipo ngakhale imvi zinawamerera pompano, ikafika nkhani ya malo ankakhala kumbuyo ngati mlendo wobwera dzulo. Komabe chimene ankafuna ankachidziwa. Ankafuna Tisunge akhale ndi nyumba yake pano. Anali ataona ana a anzawo amene anapita kunja opanda chowakokera kwawo: chaka choyamba mafoni tsiku ndi tsiku, kenako zithunzi pa Khirisimasi, mapeto ake n'kumangobwera pamaliro.

Ndipo Tisunge anali atanena mosabisa dzulo lake, akusenda mbatatesi pabwalo.

"Akandipatsa kudambo kumene kunali kwa agogo kuja, ndimanga, bambo. Koma akandichita chipongwe, ine sindikangana ndi munthu. Ndingokwera ndege."

Dambolo linali losalala, lapafupi ndi msewu, madzi ake osaphwa. A Jasper ndiwo ankalilima, ndipo ankakumbamo mbatatesi kawiri pachaka.

Anatulukira m'nkhungumo atavala jombo, ndodo ili m'manja.

"Alamu, mwadzuka? Kapena chisanu chakumangani miyendo? Anthu akuchigwa inu simuzolowera."

"Tadzuka, a Ngozo. Funso lomweli chaka ndi chaka?"

"Ndidzasiya tsiku limene mudzavale jekete imodzi ngati munthu."

Ananyamuka onse: a Jasper patsogolo, a Malita ndi Tisunge pambuyo pawo, kenako abale angapo obwera kudzachitira umboni, ndipo kumapeto kwenikweni akamwini awiri, wakuda ndi woyera, manja ali m'matumba. Atafika panjira yokhotera kudambo, a Jasper sanacheuke n'komwe. A Malita anakhosomola. A Jasper anapitirira. Anadutsa minda ya chimanga yokolola kale, anawoloka kamtsinje podumpha miyala, n'kukaima patsinde pa Chitunda cha Mbuzi.

Dzinalo silinali lonamizira. Chitundacho chinali choimirira ngati khoma, chodzaza ndi miyala yakuda yaphanthiphanthi imene inkagumuka munthu akaiponda, ndipo chiyambire palibe amene anayesapo kuikapo khasu. Anthu ankapitako pokhapokha mbuzi ikasochera.

A Jasper anakweza ndodo.

"Nankhoma," anatero, pomutchula Tisunge ndi mfunda wa bambo ake monga amachitira pankhani zikuluzikulu, "kuyambira pamsuku uwo, kutsika mpaka kumtsinje, kukwera mpaka pamwamba pamene sitikupaona apo, ponsepo m'pako. Palibe mdzukulu wa amayi amene walandira malo aakulu chonchi."

Kenako a Malita anamasula chitenje chawo n'kuchimanganso mwamphamvu.

"Achimwene, mukucheza eti?"

"Ndicheze ndi ndani kuzizira konseku?"

"Nanga kudambo?"

"Kudambo kumafuna munthu wogona pompano, mlongo wanga. Mbatatesi sathirira pafoni. Awa ndi anthu a ndege: abwera, aona, apita. Malo awo ndi amenewa, oti ngakhale awasiye mpaka akalambe adzawapeza ali chimodzimodzi."

Wina mwa abalewo anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Dyton anayang'ana mwana wawo. Tisunge anapinda mawondo pang'ono, naomba m'manja mofatsa.

"Zikomo, malume."

A Dyton ankaidziwa zikomo imeneyo. Inali ya munthu amene mumtima wayamba kale kulongedza chikwama.

Kilian anaweramira mkazi wake kufunsa zimene zanenedwa, ndipo iye anamuyankha mwachidule m'Chijeremani, akuloza chitundacho ndi chibwano. Nthawi yomweyo nkhungu inali itayamba kung'ambika, ndipo phiri linaonekera mpaka pamwamba. Mzunguyo anayang'ana, kukamwa kuli yasa. Anafunsanso, Tisunge anavomera ndi mutu. Ndiye popanda kutsanzika munthu anayamba kukwera.

Sankakwera ngati mlendo. Ankayenda chammbali, akuzika mphepete ya nsapato m'miyala, thupi litatsamira kuphiri, osagwira pansi ngakhale kamodzi.

"Mugwireni uyo," anatero a Jasper. "Athyoka khosi, tikayankhe mlandu ku Ulaya."

Mlendo samusiya yekha paphiri, choncho a Dyton anavula jekete yapamwamba n'kupatsira a Malita.

"Mwaona, a Ngozo, yatsala imodzi," anatero, nayamba kumutsatira chokwawa.

Anamupeza pakati pa chitunda atagwada, mwala uli m'manja. Anaumenyetsa pa unzake, unagawika bwinobwino ngati wochita kudula ndi mpeni, ndipo anaununkhiza, kenako n'kuugunditsa patsaya.

"Apongozi," anatero. Amenewa anali amodzi mwa mawu ochepa a Chichewa amene ankawadziwa. Zotsalazo anazinena m'Chingerezi, chimene a Dyton ankachimva bwino munthu akamalankhula modekha. "N'zoona? Ponsepa atipatsa ife?"

"Ndi mmene anenera."

Ndiye munthu amene sabata yonse ankangoti "zikomo" ndi "ndakhuta" anamasuka pakamwa. Anakhala pamwala n'kuyamba kufotokoza za kwawo. Kuli mtsinje wotchedwa Mosel, anatero, wokhotakhota ngati njoka yopondedwa kumchira, ndipo tsidya lino ndi tsidya linalo kuli zitunda zonga chomwechi, zina zoposa pamenepa. Pazitundapo m'pamene amalima mphesa zopangira vinyo. M'minda yakale mpesa uliwonse uli ndi mtengo wake womangirirapo, mizere kutsika kuchokera kumwamba mpaka kufupi ndi madzi, ndipo pansi pake sipaoneka dothi koma miyala yaphanthiphanthi ngati yomweyi. Kwawoko kumazizira, dzuwa n'losowa. Ndiye masana miyalayo imamwa dzuwa, kukada n'kumalibwezera pang'onopang'ono ku mpesa. Mvula ikagwa madzi sakhalitsa, mizu imachita kuboola pansi kukawafuna. Mphesa za posalala zimabereka zambiri ndipo sizivuta kulima, koma vinyo amene anthu amamuyendera ulendo amachokera pamene thirakitala singakwere, pamene munthu amakolola dengu lili kumsana, mwendo wina kumtunda wina kumunsi.

"Agogo anga ankayenda chopendekeka ngakhale mumsewu wa tala," anatero akuseka. "Ankati phiri ndilo linawafupikitsa mwendo umodzi. Kwathu malo otere sapatsa munthu wamba, apongozi. Abale amasiya kulankhulana chifukwa cha kachigawo kopapatiza ngati mphasa. Bambo anga ali ndi tizigawo tingapo, koma tonse tidzapita kwa mkulu wanga. Ine ndimangokonza makina a anthu. Sindinkaganiza kuti ndidzakhala ndi phiri."

Anaimirira n'kumayang'ana kumwamba, uku ndi uku, ngati wataya chinthu. Kwawo chitunda chabwino chimayang'ana kummwera, anatero, chifukwa dzuwa limadzera kumeneko, ndipo apa ankalifuna kummwera osalipeza. Atalipeza chakumpoto, likuswa nkhungu n'kumawomba pomwe anaimapo, anaseka mokweza mpaka a m'munsi anamva.

"Kuno zonse n'zotembenuka, koma phirili likudziwa koyang'ana. Malume ndi munthu wamtima wabwino. Ndikawathokoze bwanji m'Chichewa?"

A Dyton anayang'ana pansi, pamene anthu ankaoneka ang'onoang'ono. Anaganiza zomuuza zoona. Koma mpweya unali utawathera, ndiponso paphiri si pouzira munthu zotere.

"Mungoti zikomo kwambiri," anatero.

Asanatsike, Kilian anatola miyala, wina wakuda, wina wotuwa, wina wonyezimira, nadzaza matumba onse a jekete lake kuti akaonetse bambo ake. Atafika pansi analunjika kwa a Jasper, anawagwira dzanja ndi manja onse awiri, nawerama.

"Zikomo kwambiri, malume. Zikomo kwambiri."

Matumba ankalira gobedegobede. A Jasper sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana matumbawo.

Masana a tsikulo a Dyton anapeza Tisunge kuseri kwa nyumba akuchapa zovala zimene sizinali zakuda n'komwe. Kilian anali atabwereranso kuchitunda.

"Wamuuza?"

"Ndimuuze chiyani, bambo? Kuti amupatsa malo a mbuzi chifukwa akumuona ngati wodutsa? Taonani mmene akusangalalira."

"Zimene akunena za kwawozo n'zoona?"

"N'zoona. Inenso ndakololako, mwezi wa Okutobala. Ukakhala pamwamba, sitima zapamtsinje zimaoneka ngati mabokosi a machesi. Apongozi anga amalowa m'munda mwawo ngati akulowa m'tchalitchi." Anafinya malaya mwamphamvu. "Koma kuno si ku Mosel. Kuno chitunda ndi chipongwe, ndipo aliyense wamva. Mawa kumsika azikati mwana wa a Nkhoma uja, ndi sukulu yake yonse, amuika kwa mbuzi."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinanena kale."

A Dyton anatola sopo amene anagwera m'dothi, anamutsuka, namuika pamwala, n'kuchokapo.

Koma kumsika sanakambe zimenezo. Mawa lake a Malita anabwerako atanyamula mchere ndi nkhani. Kwa ogulitsa tomato anamva kuti mzungu wa kwa a Nkhoma wapeza miyala yamtengo wapatali pa Chitunda cha Mbuzi. Kwa ogulitsa kaunjika anamva kuti ali ndi kamakina m'tsaya koyezera miyala, n'chifukwa chake ankaigunditsa kumaso. Atawoloka msewu kupita mbali ya Mozambiki kukagula mafuta ophikira, anapeza miyalayo itasanduka golide.

"Wina wandifunsa ngati tikufuna mlonda," anatero a Malita, akutula dengu. "Ine amene dzulo ndimasekedwa."

Dzuwa litapendeka kunamveka "Odi!" pachipata. Anali a Jasper, atavala jekete yakutchalitchi, tambala ali kukhwapa. Anawayalira mphasa, onse anakhala pabwalo, ndipo Kilian, amene ankayesa kuti malume abwera kudzacheza, anawamwetulira iwo ndi tambala yemwe.

A Jasper anayamba ndi kuusa moyo.

"Sindinagone, abale anga. Amayi anandibwerera kutulo. Akuti, Jasper, mdzukulu wanga wamuika pamiyala ngati buluzi?"

"Amayi omwewa?" anafunsa a Malita. "Zaka zonsezi ali chete, abwere dzulo?"

"Ine sindiwaitana, mlongo wanga, amabwera okha. Ndiye ndaganiza. Nankhoma atenge dambo lonse, ndi mbatatesi zimene zili m'menemo. Chitundacho chibwerere kwa ine, ndizivutika nacho ndekha."

A Malita anatsina Tisunge pantchafu. "Vomera msanga asanadzuke," ananong'ona, koma monong'ona mwa a Malita ndi mmene ena amalankhulira mokweza.

A Dyton anayang'ana Tisunge. Dambo ndilo mwana wawo anapempha, ndipo linali litabwera lokha ndi tambala pamwamba. Chimene iwo ankayenera kuchita chinali chimene anachizolowera: kukhala chete. Koma ankawadziwa alamu awo. A Jasper akanakumba chitundacho mwezi umodzi, miyezi iwiri, osapeza kanthu, kenako akanayamba kunena kuti anawapusitsa, ndipo nyumba yomangidwa padambopo ikanakhala ya milandu mpaka Tisunge atatopa nayo. Komanso panali munthu uyu pambali pawo, wakhala mwaulemu miyendo yake yaitali ataipinda movutikira, akumwetulira nkhani imene sankaimva.

"A Ngozo, ndilankhuleko, ngakhale si malo anga."

Onse anacheuka. Ngakhale a Malita anatseka pakamwa.

"Pachitundapo palibe miyala yogulitsa. Mkamwini wathuyu kwawo amalima mphesa pamalo otere, ndipo amawawerengera kuposa dambo. Miyala anatola ija akukaonetsa bambo ake. Nkhani yonse ndi imeneyo."

A Jasper anawayang'ana kanthawi, kenako anaseka mpaka tambala anadzidzimuka.

"Mphesa! Alamu, inu ndinu munthu wopemphera. Munthu angachoke ku Ulaya kudzanunkhiza mwala chifukwa cha zipatso? Ku Chimwadzulu kuja, kotuluka miyala yofiira yamtengo wapatali, amakumba mphesa?"

"Ndanena zimene ndikudziwa."

"Munakhalitsa naye pamwamba paja, awiriwiri, m'Chingerezi. Ife pansi tinangomva kuseka."

"Nanga si mwati akutumani ndi amayi?" anatero a Malita. "Za Chimwadzulu zalowa bwanji?"

"Amayi ndi amayi. Izi ndi zina."

A Dyton sanalimbane nawo. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Muuze mwamuna wako zonse, za dzulo ndi za lero. Mkamwini azidziwa chimene wapatsidwa. Ine zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizimva zimene zikunenedwa pabwalo ngati pano, ndipo Chichewa ndinabadwa nacho."

Tisunge anawayang'ana ngati akufuna kukana. Kenako anatembenuka n'kuyamba kulankhula m'Chijeremani, motsitsa mawu, nthawi yaitali. Makutu a Kilian anafiira. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Anayang'ana a Jasper, kenako manja ake. Atalankhula, analankhula m'Chingerezi kuti apongozi ake amve nawo.

"Ndiye kuti dzulo lija sunali ulemu."

"Ayi," anatero Tisunge.

"Ndipo lero akulifuna phirilo."

"Eya."

Kilian anaganiza kaye.

"Ndiye lero ine ndi malume tikugwirizana kuti ndi malo abwino. Tangosiyana chifukwa."

A Dyton anamva kuseka kukukwera, nakusandutsa chifuwa.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Jasper.

"Akuti muli ndi diso, a Ngozo."

Kilian anapitiriza, tsopano akuyang'ana mkazi wake. Malowa ndi ako, anatero, si anga. Ndipo dzulo ndinalankhula ngati mwana, ndiye lero ndinene bwinobwino. Sindikudziwa ngati mphesa zingachite bwino pano. Kuno mvula imabwera nthawi yotentha, ndipo ikapeza zipatso zili pamtengo zimaola. Mpesa wa kwathu mwina sungalole. Pafunika kufunafuna mtundu wozolowera maiko otentha, kuyesa mizere ingapo, kudikira zaka, ndipo mwina n'kulephera. Mbatatesi sizinamiza munthu. Sankha iwe.

Tisunge anayang'ana kutsidya kwa kamtsinje, kumene chitundacho chinkaoneka chonse, dzuwa lamadzulo litachiwomba m'mbali. A Dyton sankadziwa chimene chinali m'mutu mwake, ndipo sanayese kumuthandiza. Anali atanena kale zambiri kuposa zimene ananenapo pabwalo la kuchikazi chikwatirireni.

Kenako Tisunge anagwada moyang'ana malume ake.

"Malume, dzulo munandipatsa malo pamaso pa anthu, ndipo ine ndinathokoza pamaso pa anthu. Munanenanso zoona kuti kudambo kumafuna munthu wogona pompano. Limani ndithu. Chitundacho ndi changa."

"Mwana iwe!" anakuwa a Malita. "Dambo! Ndi mbatatesi zake zomwe!"

"Mayi, dzulo anthu amandiseka. Lero malume avala jekete yakutchalitchi, abwera ndi tambala kudzapempha malo omwewo. Ndiwabweze bwanji malo oti munthu wamkulu amawavalira jekete?"

"Ndiye udzadya miyala?"

"Ndizidzadya kwanu kuno. Si patali."

A Jasper anaimirira, nakutumula fumbi pathalauza. Nkhope yofatsa ija inali itatha.

"Chabwino. Koma mwambo ukuudziwa, Nankhoma. Malo akagona, opanda nyumba, opanda khasu, amabwerera kwa mwinimbumba. Inu mukwera ndege sabata yamawa. Ine ndili pompano."

"Sagona, malume." Tisunge anatembenukira kwa bambo ake. "Bambo, woumba njerwa zabwino ndani kuno? Ndikufuna ayambe tisanapite. Patsinde paja, pafupi ndi msuku, pali posalala pokwana nyumba. Maziko akumbe chaka chino, inu muziyang'anira. Chaka chamawa mwezi ngati uno tibwera kudzafolera, ndipo uyu adzayambe kuyesa mizere yakeyo."

"Chaka chamawa," anabwereza a Dyton.

"Ndi chinacho. Nanga ndisiye phiri langa m'manja mwa malume?"

A Dyton anayang'ana tambala, kenako mwana wawo.

"Gracian wa kuseri kwa tchalitchi," anatero. "Amachedwa, koma njerwa zake sizisweka."

A Jasper anawerama kuti atenge tambala wawo, koma a Malita anali atamuponda kale chingwe chakumiyendo.

"Ameneyu ndi wa amayi, achimwene. Musiyeni."

A Jasper anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana tambala, naona kuti apa sapambana. Anayenda mpaka pachipata, ndipo pomwepo anacheuka, naloza Kilian ndi chala.

"Mumuuze ameneyo. Akadzapeza zofiirazo, asadzaiwale kuti wolozayo ndinali ine."

"Zikadzapsa tidzakuitanani mudzalawe," anatero a Dyton.

"Mukupitirizabe, alamu? Mphesa!" Ndipo anapita akugwedeza mutu.

Pabwalo panatsala phokoso. A Malita ankadandaulabe za dambo kwinaku akufunafuna mpeni wophera tambala. Tisunge ankajambula nyumba padothi ndi kamtengo, ndipo Kilian ankafufuta khonde lake n'kulijambulanso mbali ina, kuti liziyang'ana kuphiri, awiriwo akukangana m'zilankhulo zitatu.

A Dyton anadzuka mwakachetechete.

"Mukupita kuti, a Nkhoma?" anafunsa a Malita. "Lero mwalankhula ngati munthu, takhalani timve kukoma."

"Lole yodzanyamula mbatatesi ibwera mawa, ndipo matumba aja sanasokedwe."

Anapita kuseri kwa nkhokwe kumene matumba a mbatatesi anali ataimikidwa kukamwa kuli pululu. Anasolola singano yaikulu imene ankaibaya paudzu wa denga, analowetsa chingwe, nakokera thumba loyamba pakati pa mawondo awo n'kuyamba kusoka.